Simenti Yowala Inawaulula

Amene anaumirira kuti pansi pawale ngati galasi anali Chitsiriza mwini wake. Zimenezi zidziwike poyambirira, chifukwa anthu a pakhomo paja ali ndi luso losenzetsa mlendo katundu yense.

Nyumba yatsopano ya amayi ake itafika pokonza pansi, m'banjamo munabuka mkangano. Achimwene ake, amene chimwalirire bambo ankayankhula ngati aliyense amapuma ndi chilolezo chawo, ankafuna matailosi. Chifukwa chake sichinali chobisika. Mnzawo wapamtima anali ndi sitolo ya matailosi, ndipo mnzawoyo, yemwe anthu ankangomutcha Wamatailosi, anali ataponya kale diso pa Chitsiriza. Koma amayi anakanitsitsa. Anati matailosi anawatopetsa m'nyumba za lendi: kubenthuka m'makona, mizere kuda bii ngakhale uikweche mpaka zala kutupa. Iwo anali ataona kwa mnzawo wina simenti yopalidwa ndi makina mpaka kusalala, yopanda mzere ndi umodzi womwe, ndipo anati akufuna yomweyo basi.

Umu ndi mmene Phulusa, mmisiri wopala simenti, analowera pakhomopo. Dzinalo anamupatsa ndi Chitsiriza, poona tsitsi ndi nsidze zake zitayera mbuu ndi fumbi la simenti. Sanali mnyamata wofatsa ayi. Anali wapakamwa, wodzimva, woyenda ngati msewu anaukonza ndi iye. Tsiku loyamba anapala zigamba zitatu pakona ya balaza kuti eni nyumba asankhepo: china chosawala, chonga mwala wa mumtsinje, china chowala pang'ono, china chonyezimira moti munthu umaonamo mano ako. Iye anawalangiza chapakaticho. Anati chonyezimiracho n'chokongola, koma sichibisa phazi la mphaka kapena tsitsi limodzi, ndipo chimasandutsa munthu kapolo wa chikolopa.

Chitsiriza analoza chonyezimiracho, osati chifukwa anachikonda, koma chifukwa mnyamatayo anayankhula ngati wawasankhira kale.

"Achemwali, galasi la kuchipinda lakukanani?" anafunsa Phulusa.

"Ndikufuna ndione ngati manja anu amakwanitsa zimene pakamwa panu pamalonjeza."

Anakwanitsa. Chimenechi chinamupsetsa mtima Chitsiriza kwa masiku angapo, mpaka anazindikira kuti sikunali kupsa mtima.

* * *

Ntchito itatha, amayi anati maso awo saona tizilembo ta pafoni, choncho malangizo a kasamalidwe ka pansi azitumizidwa kwa mwana wawo wamkazi. Sanadziwe kuti akupereka mwana ndi manja awo.

Uthenga woyamba unali wa malamulo okhaokha. Osapaka polishi, ngakhale azakhali atabwera naye m'chitini n'kulumbira kuti ndi wabwino. Osathira mankhwala otsukira m'chimbudzi kapena madzi a mandimu, amadya kuwala n'kusiya chipsera choyera. Kusesa m'mawa uliwonse, chifukwa mchenga wa kunsi kwa nsapato ndiwo umakanda. Kukolopa ndi madzi ndi kasopo pang'ono, n'kupukuta. Mafuta kapena tiyi akatayika, osadikira kuti nkhani ithe kaye.

Chitsiriza anayankha kuti sankadziwa kuti amayi analemba ntchito apongozi. Phulusa anati upongozi sakuufuna, koma ukamwini akhoza kuuganizira. Iye anamuuza kuti ayambe wakasamba. Mnyamatayo anatumiza chithunzi atasamba, Chitsiriza anachifufuta, kenako n'kumuuza kuti atumizenso chifukwa choyambacho sichinafike.

Kuyambira pamenepo pansi pa nyumba ija panayamba kudwaladwala. Lero Phulusa wabwera kudzaona kamng'alu ka pakhomo, mawa wabwera kudzamva ngati pakuterera. Amayi ankauza anzawo kuti sanaonepo mmisiri wokonda ntchito yake chonchi. Tsiku lina anabweretsa chibenthu cha simenti chachikulu ngati njerwa, chosalazidwa mbali zonse, timiyala takuda ndi toyera tikuoneka mkati mwake. Anati n'chotsekereza chitseko cha kukhitchini kuti chisamamenyetseke ndi mphepo. Kunsi kwake anali atazokotako chilembo choyamba cha dzina la mtsikanayo. Chitsiriza anati ndi mphatso yonyansa kuposa zonse zimene analandirapo, ndipo palibe wina amene ankaloledwa kuchisuntha.

Wamatailosi naye sanagone. Ankabwera Loweruka lililonse, wonunkhira, malaya osita, mawu otsika ngati a munthu wopepesa maliro. Ankayang'ana pansi paja n'kunena kuti m'pabwino ndithu, ngati m'galaja. Chitsiriza ankamupatsa moni akutuluka. Achimwene ake anamuitanira kuseri n'kumuuza kuti asawachititse manyazi, iwo anapereka kale mawu kwa mnzawo. Iye anafunsa kuti mawuwo anawatenga kuti, poti pakamwa pake panali pomwepa masiku onsewa. Anafunsanso kuti ndani anawaitanira iwo kuseri pamene anasiya mkazi ndi khanda n'kukatenga wina. Yankho linali mbama. Amayi anaimva mbamayo ali kukhitchini, ndipo anangokweza wailesi.

* * *

Mbama itakanika, Wamatailosi anayesa njira yake. Iye anali atanunkhiza kale zimene achimwene anali asanazione. Anamupeza Chitsiriza akuyanika zovala, n'kumuuza ngati womumvera chisoni kuti amisiri oyenda m'nyumba za anthu amawadziwa bwino. Anati mnyamata wa fumbiyo nyumba iliyonse amasiyamo zinthu ziwiri, pansi powala ndi mtsikana wolira. Anatchula nyumba ya aphunzitsi ena kuseri kwa msika, kumene mwana wawo wamkazi ankalandiranso malangizo a kakolopedwe pafoni.

Chitsiriza anamuuza kuti asunthe, akutchingira zovala dzuwa. Koma mawuwo analowa. Atapukuta manja analemba uthenga umodzi: "Mwana wa aphunzitsi naye unamupatsa njerwa?"

Munthu wochenjera akanakana. Phulusa anayankha kuti mtsikanayo analipodi, zinatha kalekale, ndipo njerwa sanapatsidwe. Chitsiriza anaiponya foni pabedi mpaka inakagwera kuseri. Mauthenga anapitiriza kubwera, iye osayankha. Lachisanu Phulusa analemba kuti nanga pansi pali bwanji.

"Pakuterera," anayankha. "Usabwere, ungagwe."

Anabwerabe.

* * *

Loweruka limenelo dzuwa la masana linalowera pawindo la balaza n'kugona pansi ponse, nyumba n'kumaoneka ngati yamangidwa pamadzi. Achimwene ndi Wamatailosi anali pasofa akuonera mpira. Phulusa anafika ndi tinsalu tomata kunsi kwa miyendo ya mipando kuti isamakande pansi, ndipo atamaliza pabalaza analowa mukolido yopita kukhitchini, pomwe khoma limakhota. Munthu wokhala pasofa sangaone mmenemo. Iye ndi Chitsiriza ankadziwa zimenezi, chifukwa anali ataziyesapo.

Chitsiriza anatulukira ndi ndowa ya madzi okolopera, nkhope itamangidwa. Phulusa anamulanda ndowayo n'kuiika pansi. Anamunong'oneza kuti watopa ndi kubwera ngati wodzaona ming'alu, akufuna abwere ndi akuluakulu a kwawo, alowere khomo la kutsogolo. Chitsiriza anati akagogode kwa aphunzitsi, njira akuidziwa. Phulusa anati kwa aphunzitsi palibe amene amamutukwana bwino chonchi. Mtsikanayo anafuna kumumenya, koma dzanja lake linakathera pakolala ya ovolosi, ndipo anamukoka n'kumupsompsona.

Khoma linawabisa ndithu. Koma pasofa paja achimwene anagwetsa chotsegulira botolo, n'kuwerama kuti atole. Ndipo pa simenti, patsogolo pa kolido, anaona anthu awiri ozondoka atakumbatirana. Chithunzicho chinkaoneka bwino moti anazindikira ngakhale ndolo za mlongo wawo.

Chitsiriza sanamve mapazi. Anangomva tsitsi lake likukokedwa chammbuyo mpaka khosi kulira, kenako msana wake unamenya khoma. Pamene chizungulire chinkatha, Phulusa anali atalandira kale chibakera cha pakamwa.

"M'nyumba ya mayi anga," anatero achimwene, mawu ali pansipansi. "Galu wa fumbi iwe."

Phulusa anali ndi mikono yozolowera kukankha makina olemera. Akanafuna, nkhaniyo ikanathera pomwepo. Koma anaika manja kumbuyo, ndipo Chitsiriza anamvetsa: sakanamenya munthu lero, mawa n'kudzamupempha mlongo wake. Phulusa analavula magazi n'kunena kuti achimwene, tikhale pansi tikambirane ngati anthu. Liwu lakuti achimwenelo ndi lomwe linakolezera moto. Chibakera chachiwiri chinang'amba chikope, chachitatu chinalowa m'mimba, ndipo akupindika bondo linamupeza pachibwano.

Wamatailosi anabwera chothamanga, akuti amangwetu zisafike apa, tiyeni tileretse. Kuleretsa kwake kunali kumugwira Phulusa mikono yonse kumbuyo n'kumuimika bwino kuti zibakera zisaphonye. Pakamwa ankati basi, basi, koma zala zake zinali zitalowa m'mnofu.

Amayi anatuluka kuchipinda. Chitsiriza anawakuwira kuti awaletse, akupha munthu. Amayi anayang'ana mwana wawo wamwamuna, n'kuyang'ana mmisiri, kenako anati mawindo atsekedwe, anthu angamve. Ndi zokhazo zimene anali nazo.

Chitsiriza anadumphira achimwene ake kumsana, kuwakanda kumaso, kuwaluma phewa. Anamuponya ngati mtolo wa zovala. Anagwera pandowa, madzi n'kukhuthukira pansi ponse, chigongono chake n'kumenya simenti mpaka mkono wonse kuchita dzanzi. Ali chigonere anaona Phulusa atagwa chafufumimba, Wamatailosi atamusiya tsopano, akupukuta manja ndi kampango. Anaganiza kuti zatha.

Achimwene anatsegula chikwama cha zida cha Phulusa n'kutulutsamo nyundo. Anaponda mkono wamanja wa mnyamatayo ndi nsapato, dzanja n'kutambasuka pansi, zala zonse poyera.

"Ndi lomweli wagwirira mlongo wanga? Tione ngati udzapalanso simenti."

Chitsiriza sanaganize. Ena adzati anaganiza, koma ayi. Dzanja lake linapeza chibenthu chija pachitseko cha kukhitchini, miyendo inaima yokha, ndipo nyundo isanatsike anawamenya nacho achimwene ake kunkhongo ndi mphamvu zake zonse.

Achimwene anagwa ngati thumba, mutu n'kumenyanso simenti. Phokoso lake linali lalifupi. Magazi anayamba kutuluka pang'onopang'ono, n'kusakanikirana ndi madzi a sopo, n'kumayenderera kulowera kubalaza. Pa kanema anthu anali akukuwira chigoli.

* * *

Kulira kwa amayi ndi komwe kunaitana anthu. Tsopano sanasamalenso zoti ena amva. Chitseko chisanatseguke, Phulusa anakwawa, n'kumulanda Chitsiriza chibenthucho, n'kuchifumbata ndi manja ake a magazi. Mtsikanayo anali ataima ngati mtengo.

Oyandikana nawo atalowa anapeza mwana wa pakhomo ali gone m'magazi, mlendo atagwira mwala. Mmodzi anafunsa kuti wachita ndani, ngakhale yankho anali atalikonza kale.

"Ndine," anatero Phulusa.

Chitsiriza anati akunama. Anabwereza, akudziloza pachifuwa. Koma amayi ake anamugwira pamkono, zikhadabo kulowa, n'kumukokera kukhitchini.

"Mmodzi ali pansi apo, sindikudziwa ngati adzuke," ananong'ona. "Ukufuna nditaye awiri tsiku limodzi? Wanena yekha, palibe wamukakamiza. Tseka pakamwa."

"Amayi, mwaona ndi maso anu."

"Sindinaone kanthu."

Panja anthu anali atamukokera kale Phulusa pabwalo. Amuna omwe sankadziwa n'komwe chiyambi cha nkhani anali kumupondaponda, wina ndi lamba, wina ndi thabwa lozula pampanda. Chitsiriza anadzimasula, anathamanga n'kudzigwetsa pamwamba pake, ndipo thabwa linatera pamsana pake asanamukoke. Apolisi akanachedwa pang'ono akananyamula mtembo. Wamatailosi ndiye anatengera achimwene kuchipatala pagalimoto yake, ndipo anthu anamuyamikira kuti mabwenzi otere ndi osowa.

* * *

Kupolisi Chitsiriza anafika wapansi, diresi lili nyowe ndi madzi a sopo ndi magazi. Anauza wapolisi wa pakauntala kuti amumange iyeyo, amene wamenya ndi iye. Wapolisiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuitana mnzake kuti adzamve chikondi cha masiku ano. Anati mwini mlandu wavomera, mayi wa wovulalayo atsimikiza, chida chapezeka m'manja mwake, nanga iye akufuna awonjezere chiyani. Anati atsikana otere amabwera mlungu uliwonse, ndipo pakatha mwezi amakhala atapeza wina.

Chitsiriza anamenya kauntala mpaka cholembera kudumpha. Wapolisiyo anamuchenjeza kuti akabwereza agona momwemo, koma pa mlandu wosokoneza, osati umene akuufunawo. Kenako, mwina chifukwa chotopa naye, anamulola kuti aone Phulusa pang'ono.

Phulusa anali atakhala pansi kuseri kwa zitsulo, diso limodzi litatsekeka, milomo ngati ya munthu wina. Atamuona anayesa kuseka. Anati pansi pa chitolokosichi anakonza ndi munthu wopanda chikumbumtima, aone yekha mabampu ake.

Chitsiriza sanaseke. Anamufunsa kuti anamutuma ndani. Anati moyo wake wonse anthu akhala akumusankhira: achimwene amusankhira mwamuna, amayi amusankhira zoti aone ndi zoti asaone, ndiye lero naye Phulusa wamusankhira kuti akhale wosalakwa. Chinthu chimodzi chokha chimene anachita ndi dzanja lake, nachonso amulanda.

"Iwe sungathe kukhala muno," anatero Phulusa.

"Unandifunsa?"

"Panalibe nthawi yofunsana."

"Achimwene akafa utuluka muno uli ndi imvi. Ukuganiza kuti ndidzakuthokoza? Ndidzadana nawe tsiku lililonse."

Phulusa anatulutsa dzanja lamanja pakati pa zitsulo n'kutambasula zala. Zonse zinali bwinobwino. Anati dzanjali likanakhala zidutswa pofika pano, ndipo zotere munthu sabweza ndi zikomo wa pakamwa. Chitsiriza analimenya dzanjalo. Kenako analigwira n'kuliika patsaya pake, mpaka wapolisi anagogoda chitsulo ndi ndodo.

* * *

Kuchipatala achimwene anali asanatsegule maso. Adokotala anati fupa la mutu lang'aluka, ndipo palibe anganene kanthu kutupa kusanatsike. Amayi anali pabenchi, atafunda nsalu kumutu. Chitsiriza atafika sanasunthe kuti amupatse malo.

Wamatailosi anamupeza panja, poimika magalimoto. Anali atasintha malaya. Anamupatsa botolo la madzi, iye sanalandire. Anayamba ndi mawu ake otsika aja, kunena kuti apolisi amuitana mawa m'mawa, poti ndiye mboni yokhayo yosakhala wachibale, ndipo zimene akanene ndi zimene zikalembedwe. Chitsiriza anati akanene zoona, kuti iye anamugwira munthu mikono kuti amenyedwe bwino, ndi kuti mwala unali m'dzanja la ndani. Wamatailosi anamwetulira. Anati zoona zimenezo sizithandiza aliyense: zitulutsa mmodzi n'kulowetsa wina, ndipo iye sangalole kuti mkazi amene akufuna kumukwatira avale zovala za kundende.

Anati pali njira ina. Pansi paja panali madzi a sopo, aliyense amene analowa anawaona. Munthu akhoza kuterereka pa simenti yosalala chonchija, n'kugwa chagada, nkhongo n'kumenya chotsekereza chitseko. Mmisiri anavomera chifukwa chomenyedwa, mutu unali utazungulira. Palibe wopita kundende. Kungoti palibenso amene adzamuitane Phulusa kuti amukonzere pansi popha anthu, koma munthu wa manja ake akhoza kukaumba njerwa kwina, kutali.

Chitsiriza anafunsa kuti nanga akapanda kunena zimenezo akanena chiyani.

"Kuti ndinaona mmisiri akutola mwala mnzanga atatembenuka. Ndi kuti anali atalonjeza kale kuti adzamupha." Anatsegula botolo lija n'kumwa yekha. "Zonse ziwiri ndikhoza kuzinena osaphethira. Zingotengera kuti kupolisiko ndikupita ngati ndani, mnzawo wa achimwene ako kapena mwamuna wako."

Chitsiriza anamulavulira kumaso. Malovu anatsetsereka patsaya, ndipo Wamatailosi sanawapukute. Anangotsegula chitseko cha kutsogolo cha galimoto n'kuchisiya chotsegula.

Chitsiriza anatembenuka kuti akawauze amayi ake mtundu wa munthu amene ankamulowetsa m'nyumba Loweruka lililonse. Sanafunike kuyenda. Amayi anali ataima pakhomo la chipatala, nsalu itatsikira m'mapewa, akuwayang'ana awiriwo ngati munthu amene nkhaniyo anaimva kale. Anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana chitseko chotsegulacho, kenako anamukodola ndi mutu kuti akwere.